Botolo la a Tsinzinani

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a malume anga, chaka chitakwana chimwalirireni. Mmisiri atafika polemba dzina pasimenti yaiwisi anaima, msomali uli m'manja, n'kufunsa kuti alembe liti. Mwana wawo wamkulu, Lukasi, anati alembe la ubatizo, Pankrasio. Mmisiri uja, yemwe ndi wa m'mudzi mwathu momwemo, anatiyang'ana ngati tamuuza dzina la mlendo.

"Nanga anthu adziwa bwanji kuti agona apa ndi a Tsinzinani?"

Tinaseka pamanda, ngakhale n'zosayenera, ndipo amene anaseka kwambiri mpaka kupukuta misozi ndi mayi anga, a Nambewe, mlongo wawo wa malemuwo. Mayi ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, koma anawerenga okha zilembo zonse pamene mmisiri amazilemba, n'kumuuza kuti chilembo chachitatu chapendekeka. Kuti iwo akuona lero, n'chifukwa cha munthu amene wagona pansi pa simentiyo. Iyeyo anamwalira atakhala zaka khumi ndi zinayi mumdima.

Dzina loti a Tsinzinani analipeza chifukwa cha khalidwe lawo losautsa. Munthu aliyense amene wayamba imvi, kaya akumana naye pachitsime, kaya pakhomo la tchalitchi chathu chaching'ono cha kufupi ndi Kabwazi misa itangotha, ankamuimika moni asanathe n'komwe. "Tsinzinani. Yang'anani pansi." Ndiye amaika zala zawo ziwiri za mkombaphala pachikope n'kumadina mosinthanasinthana, mutu atapendeketsa, monga amachitira azimayi poyesa mapeyala pamsika wa pa Chimbiya. Likakhala lofewa ankati, "Pitani, muli bwino." Likakhala lolimba nkhope yawo inkagwa, ndipo munthuyo sankapumanso mpaka atapita kuchipatala. Ankamutsatira kumunda, kumaliro, ngakhale kumowa. Ena akawaona akubwera ankakhotera m'chimanga.

Sanali dokotala. Ali mnyamata anapita kumzinda n'kukapeza ntchito m'chipinda cha odwala maso pachipatala china chachikulu, ndipo anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akukolopa, kukankha timabedi ta matayala, kugwira tochi, ndi kumasulira nkhalamba zomwe zinkaopa kuyankhula ndi madokotala. Koma makutu anali nawo. Chilichonse chimene dokotala amauza ophunzira, iwo amatola ali ndi chikolopa m'manja. Atabwerera kumudzi anthu anayamba kuwatchula adokotala. Ankakana ndithu, koma ankakana mochedwa, atayamba amva kukoma kwake.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo ife a mbumba yawo tinachimva kambirimbiri mpaka tinkatha kuchimaliza iwo akangochiyamba. Ankati diso lili ndi madzi a mitundu itatu, koma anthu amadziwa amodzi okha, misozi, chifukwa ndi amene amaonekera pamaliro. Misozi ndi ya kunja, ntchito yake n'kutsuka ndi kunyowetsa. Enawo ali m'kati ndipo satuluka ngakhale munthu alire tsiku lonse. Kutsogolo, kuseri kwa kagalasi kophimba pakuda pa diso, kuli madzi oyera ngati a pakasupe. Amenewa diso limawapanga lokha mosalekeza. Amadyetsa mbali za kutsogolo zomwe zilibe mitsempha ya magazi, chifukwa, malinga ndi iwo, magazi akanadutsa pamenepo bwenzi tikuona dziko lonse lofiira. Akamaliza ntchito yawo amatuluka kudzera m'tingalande tating'onoting'ono tomwe tili pamalire a poyera ndi pakuda. Kumbuyo kuli ena onanda ngati choyera cha dzira laliwisi, omwe amadzaza diso kuti likhale lobulungira ndi kuchirikiza kansalu koonera kamene kayalidwa kukhoma la kumbuyo. Amenewa munthu amabadwa nawo n'kufa nawo, sasinthidwa.

Akaona kuti munthu sakumva ankamutengera kudimba kwawo. Malume anali mlimi wa kachewere wamanja abwino, ndipo madzi ankawakoka kuchokera pakasupe wa m'phiri ndi ngalande yomwe anakumba okha. Ankaika phazi m'ngalande yotulutsira madzi, n'kumuuza munthuyo kuti ayang'ane. Kasupe sasiya kutumphuka chifukwa choti kumunsi kwatsekeka. M'dimba madzi amasefukira n'kupita kwa mnzako, koma diso lilibe kosefukirira, choncho limangolimba, n'kumapanikiza mtsempha wa kumbuyo umene umanyamula zimene taona kupita nazo kuubongo. Mtsemphawo umafa pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Diso silipweteka, silifiira, silituluka manthongo. Munthu amadzazindikira akuonera dziko ngati pabowo la bango, ndipo chimene chapita chapita, madzi akatayika saoleka. Kuchipatala ankati ndi gulokoma. Iwo ankangoti ndi mbala.

Anakangana ndi anthu ambiri, makamaka azimayi. Kwathu mwana akafiira maso, wina amathamanga kukamkamira mkaka wa m'mawere, wina amafinya masamba a tomato, wina amasungunula shuga. Malume akamva zoterezi ankafika pakhomo osaodira. Tsiku lina analanda supuni m'manja mwa apongozi awo enieni, anthu amene mwamwambo sankayenera ngakhale kuyang'anizana nawo, n'kuiponya padenga. Nkhani imeneyo inatha ndi nkhuku yopepesera, koma supuni inakhala padengapo mpaka udzu unasinthidwa.

Lamulo lawo lalikulu linali la botolo. Kwathu chinthu cha mnzako n'chako. Mchere timapemphana, moto timapalana, ndipo munthu akabwera ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso kuchokera kuchipatala, kamazungulira mudzi wonse mpaka kathe, aliyense woyabwa m'maso kudonthezako. Malume ankadana nazo zimenezi kuposa ufiti. Ankati khasu bwerekanani, ngakhale malaya a ukwati bwerekanani, koma botolo la m'maso lili ngati mswachi, n'la munthu mmodzi. Lawo ankalimanga kachingwe m'khosi n'kulipachika pamsomali pamwamba pa chitseko, pomwe dzuwa silifika, ndipo ngakhale akazi awo, a Nabanda, sankalikhudza.

Koma si onse amene ankawaopseza. A Zakeyo, mphunzitsi wa katekisimu, anabwera tsiku lina atawonda ndi nkhawa. Anati akayang'ana kumwamba kapena pakhoma loyera akuona tizingwe ndi tintchentche tikuyandama, akatembenuza diso nato timatembenuka, ndipo ngakhale iwo ndi munthu wa mapemphero, akuganiza kuti wina wawatumizira zinthu. Malume anawafunsa ngati akuonanso zong'anima ngati mphezi kapena chinsalu chakuda chikutsika. Atayankha kuti ayi, malume anaseka mpaka kutsokomola. Anawauza kuti madzi onanda a kumbuyo aja akamakalamba amachita timagoli, ndipo zimene akuonazo ndi zithunzithunzi zake. "Mfiti yanu ndi ukalamba, aphunzitsi. Koma tsiku limene mudzaone mphezi kopanda mvula, musadzadikire kuti ndikudineni, mudzakwere basi." A Zakeyo anadya bwino tsiku limenelo.

Chimene chinkawathamangitsa chonchi chinali m'nyumba mwathu momwe. Mayi awo, agogo anga, anafa osaona, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anawalodza pamkangano wa malire a munda. Malume nawonso ankakhulupirira zomwezo mpaka tsiku limene dokotala wina wa kuntchito kwawo anawaona akugunda chitseko ndi phewa lamanzere kachitatu m'sabata imodzi. Atawayeza anapeza kuti diso lamanzere latha kale, ndipo lamanja layamba kudyeka m'mbali. Munthu amene anakhala zaka zonsezo pakati pa madokotala a maso, mbala inamubera pomwepo ali chigwirire chikolopa. Dokotalayo anawauza kuti matendawa amayenda m'magazi. Kuyambira pamenepo ankadontheza mankhwala tsiku lililonse, ndipo atabwerera kumudzi anabwera ndi mlandu umodzi mumtima, woti mbumba yonse ikayezedwe.

Tonse tinapita kupatula munthu mmodzi. Mayi anga ndi malume anayamwa bere limodzi ndipo anatengera liuma limodzi. Ankakangana pa chilichonse, pa mbewu ya nyemba, pa nyimbo ya kwaya, pa chaka chimene bambo awo anamwalira. Malume atawadina m'maso padwale la mphale, anapeza onse awiri ali gwa ngati mapichesi osapsa. Mayi anachotsa dzanja lawo ngati akuingitsa ntchentche.

"Achimwene, ine ndimalowetsa ulusi pasingano popanda wondithandiza. Mukufuna akandikolowole diso, akaliike pambale, akalitsuke ngati chiwindi? Ndiye likagwa pansi akandiike la mbuzi?"

Nkhani yoti kuchipatala amatulutsa diso n'kuliika pambale ndi yakale kwathu, ndipo aliyense ali ndi msuweni wa mnzake amene anaziona. Malume analumbira kuti m'zaka zawo zonse sanaonepo zimenezo. Mayi anati n'chifukwa choti iwo ankakhala akuyang'ana pansi pokolopa. Anakhala miyezi iwiri osayankhulana bwino.

Ndiye Lachisanu lina m'mwezi wa Julayi, kukuzizira koopsa, malume anapalasa njinga mpaka pa Chimbiya kwa a Saidi, Msilamu wogulitsa nyama amene anali mnzawo wa bawo. A Saidi anadzatifotokozera okha nkhaniyi pamaliro. Akuti malume anafika ng'ombe itangozingidwa kumene, n'kunena kuti safuna nyama, safuna chiwindi, akufuna maso awiri okha, ndipo awachotse bwinobwino osawaboola, asiyeko ndi kachingwe ka kumbuyo.

"A Panki, ine ndimakudziwani kuti ndinu Mkhristu," anatero a Saidi. "Mwayamba liti za zizimba?"

"Chizimba chake n'cha mlongo wanga. Mutu wake ndi wouma kuposa wa ng'ombe yanuyi."

A Saidi anawakulungira masowo m'tsamba la nthochi, n'kukana kulandira kanthu, ati sanagulitsepo diso chibadwire ndipo sakudziwa mtengo wake.

Masana omwewo malume anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mapichesi pakhomo pa mayi. Ine ndinalipo, ndinali nditabwera kudzacheza ndi mwana wanga woyamba kumsana. Analowa okha m'nyumba mwa mayi n'kutenga mbale yawo yadothi yoyera ya maluwa m'mphepete, yomwe inkatuluka ansembe akabwera basi. Anaikapo diso limodzi, natulutsa lezala latsopano.

"Nambewe, umati amaika diso pambale. Lero ndaliika. Sendera."

Mayi sanasendere, koma sanachokenso. Malume anatidinitsa disolo aliyense ndi chala kuti timve kulimba kwake. Kenako anaboola pang'ono m'mphepete mwa kagalasi ka kutsogolo. Panatuluka timadzi toyera, tochepa kwambiri, tosadzaza ngakhale kasupuni ka tiyi, ndipo pomwepo kutsogolo kwa diso kunafota n'kuchita makwinya. Anati timadzi timeneti, tochepa chonchi, ndi timene tinazimitsa mayi awo, osati mfiti. Atadula pakati, panakhuthuka zonanda zija, zoyera mbee, zikunjenjemera pambale, ndipo maluwa a mbaleyo ankaoneka bwinobwino kudzera m'kati mwake. Pakati pake panali kamwala kofewa koonekera. Anakatola n'kukaika pa pepala la nyimbo za kwaya, ndipo zilembo zinakula. Ana anakuwa. Ngakhale a Nabanda, amene anali atatopa kale ndi za maso, anasendera.

Pomaliza anatenga diso lachiwiri lija n'kutionetsa kachingwe koyera ka kumbuyo. Anati aka ndi kamene kamalumikiza diso ndi ubongo, n'kakafupi, ndipo kakaduka palibe dokotala padziko lapansi amene angakalumikize, choncho palibe amene angatulutse diso la munthu n'kulibwezeramo likuona.

Mayi anapinda manja. "Zonsezo n'za ng'ombe. Ine si ng'ombe."

Ndinaganiza kuti malume apsa mtima, chifukwa sankachedwa kutero. Koma anangopukuta manja paudzu. Anawauza mayi kuti aphimbe diso lamanzere ndi chikhatho, ayang'ane pamphuno pa malumewo osagwedeza diso. Ali chiyang'anire choncho, anandikodola ine kuti ndibwere chakumbali, ndi mwana uja nditamunyamula m'manja. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ndinaima pafupi, poti munthu aliyense akanandiona ndi ngodya ya diso.

"Nambewe, kumbali kwakoku kuli ndani?"

"Kulibe munthu."

Mwana anatambasula kadzanja n'kugwira mpango wawo wa kumutu. Mayi anadzidzimuka, natembenuka, n'kupeza mdzukulu wawo ali pamphuno pawo. Palibe anaseka. Mayi anayang'ana mwanayo, kenako anayang'ana mbale ija.

"Ndipita Lolemba," anatero. "Koma ndikupitira kuti musandiwonongerenso mbale zanga."

Mbale imeneyo sanadyerepo mpaka lero. Inasanduka yomwera nkhuku.

Kuchipatala anapeza zimene zala za malume zinapeza kale. Anati akanachedwa zaka ziwiri kapena zitatu bwenzi nkhani ili ina. Anawapatsa mankhwala odontheza tsiku lililonse moyo wawo wonse, ofanana ndi a malume. Mayi anabwerako akudandaula kuti mankhwalawo amaluma ngati tsabola. Malume anati akaluma ndiye kuti afika. Kuyambira pamenepo belu la m'mawa likalira kutchalitchi, malume ankakhala pampando wawo pakhonde, n'kuweramutsa mutu kudontheza lawo, kenako amakuwa kudutsa mpanda, poti nyumba zawo zinali zoyandikana: "Nambewe, aluma?" Ndipo mayi ankayankha ali mkati mosesa, "Aluma, achimwene, ndisiyeni!"

Zinayenda choncho zaka zitatu. Chaka chachinayi mvula inavuta, nkhokwe zinauma Khirisimasi isanafike, ndipo chaka chomwecho mankhwala aja anasowa kuchipatala kumene ankakalandira. Ankapita, n'kuuzidwa kuti abwere mwezi wamawa. Mwezi wamawa ukafika, mawu omwewo. Botolo la mayi linatha. Malume, mwa chizolowezi chawo cha munthu wa kuchipatala, ankasunga mabotolo osatsegula m'kachitini, kuopera tsiku ngati limeneli. Anali nawo anayi. Anabwera nalo limodzi kwa mayi n'kunena kuti mnzawo wakale wa kuntchito wawatumizira ambiri, asadere nkhawa. Litatha anabweretsa lachiwiri, kenako lachitatu, kenako lachinayi. M'mawa uliwonse anthu ankawaona ali pampando wawo, mutu chagada, akudontheza lawo monga mwa nthawi zonse, ndipo funso lija linkadutsa mpanda.

Botolo lachinayi linatha Lamulungu lina m'mwezi wa Epulo. Malume anali atalawirira kudimba kukatsegula madzi. Mayi anagwedeza botolo lawo, osatuluka kanthu. Anaima pakhomo, n'kuganiza monga aganizira munthu aliyense wa kwathu, kuti cha mlongo wako n'chako, ndipo dontho limodzi silingaphe munthu. Anadutsa mpanda, anasuzumira uku ndi uku, natambasula dzanja pamsomali paja. Anaweramutsa mutu, n'kudontheza, n'kudikira kuluma.

Sanalume. Anadontheza diso linalo, osamva kanthu. Anadonthezera pa lilime. Anali madzi, madzi owiritsa wamba.

Mayi anatsetsereka kudimba ndi botolo m'manja, atavala za kutchalitchi. A Nabanda, amene anawatsatira pambuyo, ndi amene anandiuza zimene zinayankhulidwa kumeneko. Akuti malume anali atawerama pangalande, ndipo sanawaone mayi mpaka ataima patsogolo pawo penipeni.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Wakhudza botolo langa? Nambewe, ndinati chiyani za botolo la munthu?"

"Musandiuze za malamulo. Mwayamba liti kuthira madzi?"

Malume anakhala pamzere wa kachewere. Anati chiyambire Disembala. Mnzawo wa kuntchito kunalibe, anamwalira kalekale. Mayi anayamba kulira mokuwa, akuwamenya paphewa ndi botolo lomwelo, akuwatchula chitsiru, wabodza, munthu wodzikonda. Malume anadikira kuti atope.

"Tamvera. Madzi akachepa pakasupe, mlimi amathirira bedi limene libereke. Ine ndatsala ndi diso limodzi, ndipo ndimaonera ngati pabango. Likanazima ndithu, mwina zaka zitatu, mwina zisanu. Iwe uli nawo awiri, ndi ana amasiye a mng'ono wathu ali pakhomo pako. Ukanakhala iwe ukanathirira pati?"

"Mukanandifunsa!"

"Ukanakana. Umakana chilichonse."

Ine malume ndimawakonda, koma apa ndinene zoona, analakwa. Akanatiuza, tikanathamanga. Sabata yomweyo Lukasi anagulitsa mbuzi, nakwera basi kupita kumzinda, ndipo patatha masiku atatu akufunafuna anabwera ndi mankhwala. Zimenezo zikanatheka mu Disembala. Koma iwo ankaona ana akudya gaga, ndipo mwini mbumba, munthu amene mudzi wonse unkamuti adokotala, sakanatha kutsegula pakamwa kunena kuti gulitsani mbuzi yomaliza chifukwa cha diso langa. Mwezi uliwonse ankadziuza kuti mwezi wamawa mankhwala afika. Chinali chikondi, inde, koma munalinso kunyada, ndipo ziwirizi mwa iwo sizinkalekanitsika. Ndinawauza zimenezi pamaso patapita zaka. Anangoti ndatengera mayi anga.

Mankhwala anabwera mochedwa. Kabowo ka bango kaja kanali katachepa kale kufika pa diso la singano, ndipo mvula yotsatira isanagwe kanatsekeka. Dokotala amene anawayeza anawakalipira ngati mwana, ati munthu wodziwa ngati inu. Malume anavomera zonse, n'kufunsa ngati angalowetse mlongo wawo kuti amuyezenso. Maso a mayi anali momwe analili, sanabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Akuti malume atamva zimenezo anaimirira n'kufuna kutuluka monyadira, koma anagunda kabati.

Umu ndi momwe zinayambira zaka khumi ndi zinayi zija. Sanakhale pansi kudikira imfa. Anamuuza Lukasi kuti akhome mitengo kuyambira pakhonde mpaka kudimba, n'kumangapo waya, ndipo m'mawa uliwonse ankatsetsereka dzanja lili pawaya, khasu paphewa. Ngalande ankaikonza ndi mapazi, akumva pomwe madzi aima. Kachewere ankamudziwa ndi zala kuti wadwala kapena ayi. Kudina anthu m'maso sanasiye, ndipo tsopano kunalibe wokhotera m'chimanga, chifukwa kuthawa munthu wosaona n'kopatsa manyazi. Ankati zala zawo zayamba kuona bwino chichokereni maso. Mayi ankawabweretsera chakudya cha masana okha, ngakhale a Nabanda analipo, ndipo ankakangana monga kale za chaka chimene bambo awo anamwalira. Za botolo lija sanazitchulenso pakati pawo. Koma mayi anasiya kudonthezera kunyumba kwawo m'mawa. Ankabwera ndi botolo lawo pakhonde pa malume, n'kukhala pansi pambali pa mpando, kuti malumewo amve ndi makutu awo kuti latsegulidwa.

Anamwalira ndi chibayo m'nyengo yozizira, atadwala masiku asanu ndi limodzi. Pamaliro panabwera anthu amene ife sitinkawadziwa, ochokera ku Lobi ndi kutsidya kwa msewu waukulu, nkhalamba zina zitavala magalasi, ndipo aliyense ankafotokoza za tsiku limene anaimikidwa panjira n'kuuzidwa kuti atsinzine. A Saidi anakhala pamodzi ndi amuna a mpingo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Titamaliza za chiliza Loweruka lija ndinagona kumudzi, ndipo m'mawa ndinapita kunyumba kwa malume. A Nabanda anasamukira kwa mwana wawo wamkazi, choncho chitseko n'chokhoma. Dimba akulima Lukasi, koma ngalande yayamba kumera udzu m'mbali, zomwe mwini wake sakanalola. Waya uja akadalipo. Anachita dzimbiri ponseponse kupatula pamwamba pake, pomwe dzanja linkadutsa, ndipo pamenepo pakadali posalala. Adzukulu anafuna kumumasula kuti akayanikirepo zovala, mayi anawathamangitsa ndi tsache. Mpando uli pakhonde pomwe unkakhala, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi njerwa. Pamsomali pamwamba pa chitseko pali botolo lomangidwa kachingwe m'khosi, koma si lawo, ndi la mayi. Amalisunga pamenepo tsopano.

Belu la m'mawa litalira ndinawaona akudutsa mpanda pang'onopang'ono, atafunda chitenje. Sanandione, ndinali chakumbali. Anatsitsa botolo pamsomali, nakhala pansi pambali pa mpando, pamalo awo a masiku onse. Anaweramutsa mutu, anadontheza diso lamanja, kenako lamanzere, n'kutsinzina. Anakhala choncho kanthawi, madzi akutsika m'masaya, ngati akudikira kuti wina afunse.

Kenako anatembenukira kumpando uja.

"Aluma, achimwene."